Disiki ya mayi a Tadala

Lolemba
Ndaipeza! Mkulu wina wa konkuno ku Sheffield, ku England, a Derek, akuisunga m'galaja: kompyuta yakale yopangidwa ku Holland, yaikulu ngati firiji. Mtundu womwewo ankagwiritsa ntchito malemu mkazi wanga, mayi a Tadala, ku ofesi ku Limbe tili pachibwenzi. Disiki yawo ili m'sutikesi mwanga, yotambalala ngati mbale. Ankati muli kalata yanga imene anachita manyazi kundipatsa. Lamlungu zikwana zaka zisanu chitisiyireni. Ndidzawerengera ana.

Lachiwiri
Mabasi awiri, kenako chitunda. A Derek ayamba ndi mbiri ya kompyutayo: fakitale yake, amene anaigula, amene anaitseka. Maola atatu. Tiyi kanayi. Makina osayatsa.

Lachitatu
Tayatsa! Kulira ngati chigayo. Timagetsi tofiira phethiphethi. Kenako utsi, fungo la nsomba yopserera. A Derek akuti zimatero. Akazi awo atitulutsa.

Lachinayi
Zofunika:
kachitsulo kolowa m'malo mwa kopsa kaja (kali ku Manchester)
lamba wozungulitsa disiki
chilolezo cha akazi a Derek
Ndasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zambia kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito. Tadala, mwana wanga woyamba, pafoni: "Adadi, nanga mukakapezamo za ku ofesi zokhazokha?" Ndadula.

Lachisanu
Manchester, mvula. Kachitsulo ndakapeza. Lamba anasiya kupanga kalekale. A Derek adula chubu cha njinga ya akazi awo. Eni ake sakudziwa.

Loweruka
Disiki yalowa. Ikuzungulira! Ndasendera pafupi. Pagalasi zilembo zobiriwira:
WOKONDEDWA WAN
Basi. Kenako phokoso lokwecha. Yatuluka ili ndi mzere woyera kuzungulira ponse. Chinyezi cha zaka zonsezi chinaidya, akutero a Derek, singawerengekenso. Avula chipewa, misozi mbwee. Ndine amene ndikuwatonthoza.

Lamlungu
Ana abwera kuchokera kutchalitchi, adya, akundiyang'ana. Ndaimirira. Ndawerenga mawu awiri aja, achiwiriwo osatha. Ndakhala pansi.
Tadala wandigwira dzanja: "Zotsalazo mukuzidziwa kale, adadi."
Ndagwedeza mutu, koma sindikuzidziwa. Mayi awo akayamba ndi "wokondedwa", kawirikawiri chotsatira chinkakhala chidzudzulo. Lero ndikadachilandira ndi manja awiri.
Mawa ntchito 7 koloko m'mawa.