Chimanga cha Mphatso Chinandigwiritsa Ukuba

Mpaka lero ana a mumsewu mwathu ku Kambuzuma, mumzinda wa Harare, akandiona ndabereka chikwama amayamba kuseka, ndipo ine sindiwadzudzula.

Zinayamba ndi anamwino a kukiliniki, amene anandiuza kuti ndanenepa, mimba yanga yatsogola kwambiri, ndiziyendako. Ndinagula chikwama chakumsana pa kaunjika, ndipo Loweruka lina mu Epulo, mvula itangosiya, ndinalunjika kukaphiri ka kuseri kwa nyumba zathu. Kunja kunacha bwino zedi: kamphepo kayaziyazi, udzu ukuyamba kufiira, mafakitale a ku Willowvale akuoneka ngati mabokosi a machesi. Mtima wanga unasangalala kwambiri (ngakhale ndinapumula kangapo, ndikunamizira kuyang'ana mbalame).

M'mbali mwa phirilo anthu amalima timinda. Pokwera ndinapeza Mayi Banda a kumpingo kwathu akukolola, ndipo mwa chikhalidwe chathu sakanalola kuti ndidutse chimanjamanja. Anandiponyera chimanga chosasenda m'chikwama.

Potsika ndinataya njira n'kulowa m'munda wa eni. M'mapesi munatuluka mkulu wina, Bambo Mwale, chibonga chili m'manja. Akuba anali atawasautsa chaka chimenecho, ndiye ankalondera okha. Atandifunsa komwe ndinkachokera ndinati kuphiri, ndipo atafunsa zomwe ndinkachita kumeneko ndinati kungoyenda.

"Kungoyenda? Munthu wamkulu ngati inu, kukwera phiri osakapemphera, osakatola nkhuni? Tsegulani chikwamacho, bambo."

Nditatsegula, chimanga chija chinaonekera poyera. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo mawa lakelo ndinkayenera kulalikira. Ndani angamvere ulaliki wa wakuba chimanga?

Tinabwerera kumunda kwa Mayi Banda kuti akandichitire umboni, koma anali ataweruka. Ndiye tinawalondola kunyumba kwawo, ine patsogolo, mkuluyo pambuyo atakwezera chimangacho m'mwamba, ana akutithamangira uku akuimba kuti "mbavha, mbavha", kutanthauza wakuba (ana athuwa Chichewa chimawavuta, koma kunyoza m'Chishona ndi akatswiri). Ngakhale kondakitala wa kombi, minibasi ya kuno, anasiya kuitanira anthu kuti aonerere.

Mayi Banda anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anavomera kuti chimangacho anandipatsa ndi iwo. Bambo Mwale anavula chipewa n'kupepesa pamaso pa anthu onse, ndipo ndinapumira m'mwamba. Koma mayiwo atapukuta misozi anandifunsa motsitsa mawu:

"Koma zoona zake, abambo, kuphiriko mumakatani?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti kwathu kuno munthu sayenda popanda chifukwa. Phiri sindinalisiye, ndimalikonda. Ndinangoyamba kunyamula khasu paphewa kuti anthu aleke kundifunsa, ndipo analekadi. Vuto n'lakuti Bambo Mwale atandiona nalo anakondwa kuti ndine munthu wakhama, n'kundidulira chigawo cha munda wawo, cha miyala yokhayokha. Mkazi wanga wagula kale mbewu.