Nankungwi wa Koleji Sakupezeka

Lolemba

Felesiya, mwana wanga woyamba, anyamuka Lamulungu. Lamulungu lomweli! Dzina lake analiwerenga pa wailesi, tinavina mpaka fumbi kobo, kalata ya koleji inabwera, ine n'kumayesa ntchito yatha.

Ndiye lero ndikusankha tomato wopita naye ku msika, akutulukira mayi Muhiwa, nankungwi wa m'mudzi muno. Moni wachidule, kenako: "Mwanayu mwamulangiza kale?"

Ndaika tomato pansi.

Akunena zoona. Atatha msinkhu tinamulangiza. Akanakhala kuti akukwatiwa, bwenzi amayi atadzaza nyumba. Ngakhale wopita kukalera ana a eni ku Limbe timamukhazika pansi. Ndiye wanga apite ku Lilongwe konseko opanda mawu, ngati mbuzi yogulitsa? Anthu adzati alibe make.

Koma abale, nankungwi amalangiza zimene anadutsamo. Pa mtundu wathu wadutsa mu koleji ndani? Ine ndinalekera Sitandade 7. Abambo ake amakonza njinga pa msika, Lilongwe amangomumvera pa wailesi.

Basi, ndaganiza: tsiku lililonse mlangizi mmodzi, Loweruka onse pamodzi. Zofunika:
- mphasa ziwiri (ina ija mbuzi zinadya)
- thobwa
- munthu wodziwa koleji
- kumuuza mwini wake

Mwini wake ndamuuza. "Chabwino amayi." Akusita siketi yake yatsopano, akuimba, makala a mu simbi akuthetheka. Mwana wakondwa uyu. Wodziwa kolejiyo ndimufuna mawa.

Lachiwiri

Mayi Muhiwa abwera ndi anzawo awiri ndi ng'oma. Ng'oma ndakana. Aisiya pakhonde monyinyirika.

Ayamba bwino: ulemu, ukhondo, kudzuka m'mawa. Mwadzidzidzi ndikumva za madzi osamba a bambo. Bambo wake uti? Ndikuwakodola: koleji, mayi, koleji! Akuti pepani, n'chizolowezi. Abwerera pa mzere. Pasanathe nthawi afika pa apongozi. Ndikuti kulibe apongozi kumeneko. "Kulibe? Nanga akamuyang'anira ndani?" Funso limenelo sindinaliganizepo.

Zimene ndatolapo:
- maso pansi nthawi zonse
- mphunzitsi akalowa, agwade
- mwamuna akapereka moni, asayankhe
- akabwereka cholembera, ndiye mimba imayambira pomwepo

Felesiya akufunsa mwaulemu kuti nanga mphunzitsiyo akakhala mwamuna n'kumufunsa funso m'kalasi, ayankhe kapena ayi? Mayo! Amayi atatu akangana mpaka thobwa latha. Wina akuti ayankhe atagwada. Wina akuti alembe pa pepala. Mayi Muhiwa akuti bola adwale tsiku limenelo.

Yankho silinapezeke. Mwana akuseka kukhitchini. Ine sindikudziwa ngati chilangizo chachitika kapena tangomwetsa anthu thobwa.

Lachitatu

Achimwene anga a Sitima akwiya. Eni mbumba ndi iwo, ndiye zatheka bwanji kuti mwana wa mlongo wawo ayambe kulangizidwa iwo n'kumvera kwa anthu pa chigayo? Ndapepesa. Ndapepesanso. Akuti za tauni azisiyire iwo, anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni.

Koleji sanaitchule n'kamodzi komwe. Nkhani ndi akuba okhaokha. Akuba a pa depoti, akuba a m'basi, akuba ovala tayi, akuba onyamula Baibulo. Asagone m'basi. Asafunse njira. Asadye cha munthu. Aziyenda ngati mwini mzinda, ndipo aliyense azimuyang'ana m'maso kuti adziwe kuti wamuona.

M'maso? Dzulo anati maso pansi! Ndiye mwanayu ayang'ane kuti? Kumwamba?

Kenako akuti tiyeserere. Felesiya anyamule sutikesi azizungulira nyumba, iwo akhale wakuba. Abisala kuseri kwa nkhokwe, bambo wamkulu wa imvi zake. Mwana akudutsa, iwo balamanthu! Kukoka, mwana kukoka, chogwirira thyo! Achimwene chagada mu nandolo amene ndinayanika.

Sutikesiyo ndi yobwereka kwa akazi a akatekisiti.

Abambo ake a Felesiya amangapo mphira wa chubu cha njinga. Akuti ndi wolimba kuposa chogwirira chenichenicho. Akutinso, "Amake Felesiya, mwanayu mukumukonzekeretsa sukulu kapena nkhondo?" Iwo achitapo chiyani?

Lero mwana sanaimbe.

Lachinayi

Wapezeka! A Bizaliyele a kutsidya kwa mtsinje anaphikapo pa koleji ina zaka zambiri. Munthu woti analowa m'kati, anaona ndi maso. Ndawapatsa mpando, osati mphasa.

Akuti choyamba ndi kadyedwe, kumeneko wodya ndi manja amamuseka. Ndathamanga kukabwereka foloko kwa akazi a akatekisiti omwe aja, za sutikesi osatchula. Foloko kumanzere, mpeni kumanja. Mpeni wathu ndi uja wosendera chinangwa. Felesiya akubaya nandolo, nandolo akuthawa. Nkhuku zakhuta.

Mpaka apa tikuseka tonse, ndipo ndikuti Ambuye zikomo, zayamba kuyenda.

Kenako a Bizaliyele atsitsa mawu. Akuti atsopano amawazunza, kuwathira madzi, kuwatcha mayina. Akuti mphunzitsi wa kumeneko salemba pa bolodi, amangolankhula Chingerezi cha m'mphuno n'kutuluka. Ndipo wolephera mayeso sabwereza ngati kuno ayi, amangomuzula ngati udzu n'kumubweza kwawo. Iwo ankawaona kuseri kwa khitchini, atakhalira masutikesi, akulira. "Makamaka ana a kumudzi ngati uyu. Amabwera ndi nzeru za pa koloboyi."

Ndikuwatsinzinira diso kuti basi. Akuyesa ndikuti apitirize. Apitirizadi.

Felesiya waika foloko pansi pang'onopang'ono, wathokoza, walowa m'nyumba. Chakudya chamadzulo wakana, akuti wakhuta. Wakhuta chiyani, nandolo wake zinadya ndi nkhuku?

Mtima wanga sukukhazikika. Koma si mmene chilangizo chimakhalira? Ifenso ankatiopseza. Kaya.

Lachisanu

Lero anayenera kubwera aphunzitsi aakulu a ku sekondale kwake. Atumiza mawu kuti apita ku boma, abwera Lolemba. Lolemba adzalangiza ndani, ine?

Ndikulowa kuchipinda kuti ndimulongedzere chigumu chouma ndi makaka a chinangwa. Sutikesi ili pululu. Zovala zabwerera pa chingwe. Siketi yatsopano yapindidwa, yaikidwa pansi pa zonse.

Ndamupeza kuseri akutsuka mbale. "Amayi, sindipita."

Ndikuti usaseweretse pakamwa. Akuti sakuseweretsa.

"Akakandibweza, inu mudzayenda bwanji pa msika? Munavina pamaso pa anthu onse. Bola ndikhale, anthu azingoti akanapita akanakhoza."

Mwana amene ankawerenga mpaka maso kufiira ndi utsi, amene ankayenda ulendo wonse uja wa ku sukulu m'chiperoni opanda juzi! Malo ake akatenge wina chifukwa cha thobwa langa?

Maganizo a anthu:
- abambo ake: cholakwa ndi cha ine make
- achimwene: timumange pa njinga
- mayi Muhiwa: alipo mnyamata, afufuzidwe
- a Bizaliyele: mwana wanzeru, wamva
- akazi a akatekisiti: akufuna foloko yawo, ndipo amva za sutikesi

Ndalira kuseri kwa bafa. Ndimafuna kumumanga m'chiuno, ndamuthyola miyendo. Ndinalakwitsa pati? Ndinangochita mwambo. Mutu wanga waima.

Loweruka

Chilangizo chachikulu. Ndinaiwala kuchiletsa.

Onse afika, ena sindinawaitane. Ng'oma yabweranso. Wolangizidwa palibe, watenga makheni wapita ku dimba mbandakucha. Alangizi akulangizana okhaokha. Achimwene ndi mayi Muhiwa atsala pang'ono kugwirana pa nkhani ya maso ija. A Bizaliyele akuonetsa anthu kagwiridwe ka foloko ndi kamtengo.

Ndawasiya. Ndatsetsereka ku dimba.

Mwana akuthirira tomato. Ndatenga kheni inayo. Mzere, mzere. Ndikufunafuna mwambi m'mutu, ngakhale umodzi, palibe. Ndiye ndangonena zimene zilipo.

Ndati mwanawe, mayi Muhiwa ku Lilongwe sanapondeko. Amalume ako anabwerako ku Joni iwe usanabadwe. A Bizaliyele koleji ankaionera pa zenera la khitchini. Ine ndiye sindidziwa ngakhale kumene khomo lake linayang'ana. Tonse timaopa, ndiye mantha athuwo takusenzetsa iwe. Kumene ukupitako palibe wa ife akukudziwa.

"Nanga akandibweza?"

Ndati ukabwera udzapeza ndiwo zako pa moto. Pa msika ndidzayenda ngati kale, miyendo ndi yanga. Ndinavina chifukwa anatchula dzina lako, ndipo analitchuladi, palibe angalibweze m'wailesi.

Wangoti, "Mukuthira madzi ambiri, amayi, muwoletsa mizu."

Ndiye kuti chiyani? Inde kapena ayi?

Tabwerera dzuwa litapendeka. Alendo apita, thobwa latha, mphasa imodzi sikuoneka. Ndikusenda anyezi, ndikumva mwana akufunsa abambo ake pakhonde ngati mphira uja angafike ku Lilongwe osaduka. Abambo ake akuti angafike ngakhale ku Karonga.

Sindikufunsa kanthu. Ndikuopa kupuma.

Lamulungu

Misa yoyamba, kenako njinga za hayala mpaka pa msewu. Abambo ake amuperekeza mpaka ku Limbe. Njira yonse ndikukonza mawu omaliza, mawu enieni a mayi, oti akawakumbukire akakalamba.

Minibasi yafika yodzaza kale. Kondakitala akukuwa, walanda sutikesi, wamukankhira mwana m'kati. Ine pakamwa yasa. Chimene chatuluka: "Usakhale pafupi ndi chitseko!"

Anali atakhala kale pafupi ndi chitseko.

Watulutsa mutu pa zenera, wakuwa kanthu. Injini, fumbi, sindinamve. Tsiku lonse ndikuganiza. Amati zikomo? Amati ndikuopa? Waiwala kanthu? Ndayang'ana kuchipinda, sanaiwale kanthu. Chingwe chili chokhachokha.

Abambo ake abwera madzulo. Akuti pa depoti mwana anafunsa njira kwa mayi wina wogulitsa nthochi, anamusonyeza basi, anakwera, anakhala, anayamba kudya chigumu. Basi. Ndikuti nanga pa zenera paja amati chiyani?

"Amati muchoke pakati pa msewu, kukubwera lole."

Ndinachokadi? Kaya. Ndili moyo, ndiye kuti ndinachoka.

Wapita wosalangizidwa mwana wanga. Koma wapita. Mawa kuli tomato wothirira, makheni awiri, munthu ndine ndekha.