Mlonda amene ndinamunyoza pakhomo la laibulale

Pa yunivesite imene anaphunzira mdzukulu wanga panali mlonda wa laibulale amene analibe nazo ntchito ziphaso. Ukafika pakhomo ankatchinga ndi ndodo n'kunena kuti, "Ndiphunzitseni kaye chimodzi." Ophunzira anangowatcha a Chimodzi.

Kuwerenga sankadziwa, koma ukawalakatulira zoloweza ankakudula pakamwa: "Chizungu chimenecho kapatseni aphunzitsi anu. Ine ndiuzeni ngati mukuuza amalume anu." Wina wa zamalamulo akuti anaima pamenepo mpaka tayi inachita kufinyidwa thukuta. Ngakhale pulofesa wina wadazi ankati akawaona, n'kuyamba kunamizira kuyankha foni.

Tsiku lina ndinapita kukaona mdzukulu wangayo, woyamba m'banja mwathu kuponda kumeneko. Ndinatchena ngati digiriyo ndi yanga.

"Ndinu agogo ake a mtsikana wansapato zofiira uja?" anandifunsa a Chimodzi. "Mayi, yatha miyezi iwiri asanandiphunzitse kanthu. Amangodutsa apa ndi anzake, kulowera kumene kukulira nyimbo."

Mtima unandiwira. "Inu! Munthu wosatha kulemba dzina lake, mukuweruza mwana wa yunivesite? Londerani chitseko, za m'banja mwanga zisiyeni!"

Ndinakuwa mpaka ophunzira anasuzumira m'mawindo. A Chimodzi anangovula chipewa. "Mwandiphunzitsa chimodzi, mayi. Lowani."

Zotsatira za mayeso zitatuluka, mwana anali atalephera maphunziro atatu. Kalata yochokera kusukulu inati akalepheranso, alongedze. Ndinaiwerenga kawiri n'kuibisa pansi pa matiresi.

Amene anamutola ndi omwe ndinawanyozawo. Masana alionse ankamukhazika pabenchi.

"Tandiuzani, adokotala, magazi amayenda bwanji m'thupi?"

"Ndafotokoza kale, agogo!"

"Sindinamve. Mutu wangawu ndi mwala, bwerezani."

Ankabwereza mpaka kasanu, misozi ya mkwiyo ili lengelenge, kenako n'kulowa kukasakatula mabuku kuti apeze njira ina yofotokozera. Chaka chitatha m'pamene anatulukira kuti nkhalambayo inkamva ulendo woyamba womwe.

Mwanayo anakhoza. Lero ndi namwino, ndipo odwala amakanganirana kuti awafotokozere matenda awo ndi iyeyo. Zimenezi ndimauza aliyense, ngakhale amene sanafunse. Zapakhomo zija ndi zimene sindinauzepo munthu.

Zaka zitatu ndinkati ndikapepese, koma ndikafika pasukulupo miyendo inkandikhotetsera njira yakuseri. Tsiku lolandira digiri ndinalimba mtima. Pakhomo ndinapeza kamakina kolira "tii!" munthu akaonetsa khadi, ophunzira akulowa mwakachetechete, maso pafoni. A Chimodzi anali atamwalira mwezi wapitawo.

"Agogo, mukufuna ndani?" anafunsa mlonda watsopano.

"Palibe, mwananga."

Mawu amene ndinawayeserera njira yonse m'basi ndinabwerera nawo kunyumba.