Tsiku Limene Ndinathawa ndi Thumba la Bezibo

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinaipereka kwa ahedi Lolemba la sabata yachiwiri ya teremu yapitayi, m'mawa ana ali pamzere. Yachiwiri ndinaipereka patatha masabata atatu. Makope ake ndili nawo. Yachitatu sinafike, ndipo chifukwa chake ndi chimene ana a ku Kanakantapa amabisira pakamwa ndikamadutsa.

Dimba langa la matimati linachita malire ndi bwalo la sukulu. Tinkakhala bwinobwino mpaka kunabwera aphunzitsi a masamu, a Sakala, ndi masewera awo a bezibo. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira bwalo, akuponda matumba a mchenga oikidwa pansi. A Sakala ankasewera zimenezi ku koleji ku Lusaka. Akuti anali katswiri woponya mpaka phewa linavulala, ndiye anatola choko. (Phewalo likanachira, matimati anga akanakhala pamtendere.)

Kampirako kanagwera m'dimba mwanga kasanu ndi kawiri, ndipo tsiku lililonse ndinalilemba. Nditapereka kalata yachiwiri, ahedi anaitana a Sakala ine ndili pomwepo.

"Ba Sakala, ikabwela kalata inangu, bezibo yasila. Sinifuna milandu na makolo."

A Sakala anatembenukira kwa ine. "Atate, nipaseniko nthawi nimange mpanda. Bana aba baikonda maningi."

Mpanda sunaoneke. Loweruka lina kunabwera timu ya cha ku Kasisi, anthu ali thithithi. Ndinavala jekete, n'kuika kalata yachitatu m'faelo, ndi kulunjika kumene kunakhala ahedi. Ndinadutsa pakati pa bwalo chifukwa njira yanga ndi imeneyo kuyambira kale.

Pakatipo ndinaima. Thumba limodzi la mchenga linali ndi mtanda wa penti yofiira pakona, chizindikiro chimene ndimaika pa matumba anga onse a feteleza. Lisiti lake linali m'faelo momwemo. Ndinati andibera. Ndinawerama n'kulinyamula kuti likhale umboni.

Pomwepo kunamveka phaa! Mtsikana wina wa giredi seveni, dzina lake Tisa, anali atamenya mpira. Anaponda thumba loyamba, n'kukhotera ku lachiwiri. Lachiwirilo linali pachifuwa panga.

Ndinangoona mwana akundilunjika maso ali tong'o. Nditacheuka, wa ku Kasisi watola mpira, nayenso akubwera. Khamu lonse laimirira likukuwa. Ndinati basi, amva za kalata, lero andimaliza. Ndinathawa. (Munthu wa nyamakazi m'mawondo onse awiri, faelo kukhwapa, mchenga m'manja.) Zolitaya thumbalo sizinandibwerere m'mutu, umboni sutayidwa.

"Agogo, imililani! Nifuna chabe kuponda saka!" anakuwa Tisa.

"Atate, ikani pansi! Ikani chabe pansi!" anali a Sakala amenewo.

Ine ndinangowonjezera liwiro, kulowera kwathu. Pa mzere woyamba wa matimati phazi linakodwa m'chingwe, ndipo ndinagwa chafufumimba, jekete ndi zonse. Tisa anafika n'kuponda thumba lija pafupi ndi khutu langa.

"Nafika!" anakuwa motero, ndipo kubwalo kunaphulika nthungululu.

Ndili chigonere ndinawerenga. Mitengo ya matimati yothyoka inali khumi ndi umodzi. Mipira yonse ija pamodzi inathyola itatu.

Mayi a kunyumba anatulukira ali ndi khasu, poganiza kuti kwalowa ng'ombe. Anandiyang'ana, nayang'ana thumba.

"Thumbalo aphunzitsiwa ndinawapatsa ndine. Lobooka kale, mumati mulisunge mpaka liti?"

Kenako anafika ahedi, khamu lili pambuyo. Anandidzutsa, n'kundisasa fumbi paphewa.

"Atate, naona mwabwela na faelo. Muli na kalata yanga?"

A Sakala anayang'ana pansi atagwira phewa lawo lija. Tisa phazi linali likadali pathumba, akuwefuka, maso ali pa faelo yanga. Ndinaitsegula pang'onopang'ono. Kalata inalimo, koma tomato wakupsa anali ataphulikira pa ndime yachiwiri, njere zili mbwee mpaka pa siginecha.

"Ine sindipereka pepala lodetsedwa," ndinatero, n'kutseka faelo.

Kunyumba mapepala oyera alipo ambiri. Sindinailembenso, ndipo musandifunse chifukwa.

Patapita masiku atatu a Sakala anabwera ndi kope latsopano. Anati popeza palibe chimene chimandiphonya, ndizilemba zigoli za timu. Ndalemba Maloweruka anayi tsopano, ndipo kawiri ndawagwira akulakwitsa kuwerenga, iwo aphunzitsi a masamu. Ndikaona mwana akuthamanga ndimakhalabe pampando, chimenecho ndaphunzira.

Koma mpaka lero palibe pepala lililonse londiika paudindowu. Choncho ndikupempha mwaulemu ofesi ya ahedi kuti indiyankhe molemba, ndi chidindo cha sukulu, pa mfundo ziwiri izi: dzina la udindo wanga, ndiponso kuti thumba la mtanda wofiira ndabwereketsa, sindinapereke.