Madisiki a Apongozi Anga

Sunthirani kuno Anaphiri, makutu anuwo ndimawadziwa, mungakafalitse zina mawa. Ndikuuzeni ndekha, poti nkhaniyi yazungulira kale Zingwangwa yense ndipo aliyense akuiwonjezera mwendo wake.

Mwana wanga Esinati mukumudziwa, amene ndimakhala naye kuseri kwa msika. Amuna ake, bambo a Chisomo, anamugulira kompyuta yakale ku ofesi ina imene inkatsekedwa, kuti azitaipa makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro pakhomo pomwepo. Chinthucho ndi nkhalamba inzanga. Kuti chidzuke m'mawa chimayamba chatsokomola, kubuula, mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Ndiye mwezi wa Okutobala wapitawu chinangoti galasi lonse buluu, ukachidina osayankha, pamene m'mimba mwake muli makhadi a ukwati wa Felesiya, mwana wa aneba athu a Namasina. Ukwati wayandikira, ankhoswe anena kuti abwera madzulo a tsiku lomwelo kudzatenga makhadi akayambe kugawa.

Apongozi angawo zinthu zimenezi amazidziwa. Anabwereka kwa mnzawo wakuntchito mulu wa timadisiki, takuda, tamakona ngati mabisiketi. Anati nzeru zimene zimayendetsa makinawo zasokonekera, ndiye pafunika kuzithiramo mwatsopano, disiki imodziimodzi, ndipo zimachedwa. Koma iwo akuthamangira kuntchito, Esinati akuthamangira ku Limbe kukagula mapepala olimba a makhadiwo. Wotsala pakhomo ndani? Ndiyang'aneni bwino.

Tsono ine ndi apongozi sitiyang'anana m'maso. Kwathu ku Thyolo tinaleredwa choncho, ndipo tauni sinandichotse zimenezo. Iwo akafuna kundiuza kanthu amauza Esinati, ine ndili pomwepo kuseri kwa chitseko ndikumva zonse.

"Muwauze amayi kuti ikalira kuti tswii, achotse imene ili mkatiyo, alowetse yotsatira, adine batani lalikululi. Ndawandandalika pamzere patebulopa, angotsata kuchokera kumanzere."

Ine kuseri kuja: "Uwauze bambo a Chisomo kuti ndadyetsa ana mpaka amera ndevu, sindingalephere kudyetsa bokosi."

Pakamwa panga inu. Sipadziwa kukhala chete.

Poyamba zinayenda bwino, musaganize kuti ndine chitsiru cha m'mawa. Inalira, ndinachotsa, ndinalowetsa, ndinadina. Inaliranso, chimodzimodzi. Koma kudikira kwake abale, kamzere kena pagalasipo kakuyenda ngati bilimankhwe, ine ndakhala ndaimirira, ndakhala ndaimirira, manja akundiyabwa. Diso linagwera patebulo. Fumbi. Ankhoswe a eni ake abwere adzapeze fumbi m'nyumba mwa mwana wanga, ine ndilipo? Ndinasonkhanitsa madisiki aja, tebulo ndinapukuta, kupaka polishi, kuyala kansalu kanga koluka, n'kuwasanja bwinobwino pamwamba ngati mbale za alendo. Ndikubwerera m'mbuyo kuti ndione kukongola kwake, chinthu chija chinati tswii. Ndipamene ndinakumbukira za mzere.

Mukuti bwanji osawerenga manambala? Manambala ndimadziwa a pa ndalama. Amene analemba pa madisikiwo dzanja lake ndi la nkhuku yopalasa, ndipo timapepala tina tinali titamatuka kale. Ndinangotola imodzi yooneka yaulemu, kulowetsa, kudina. Tswii. Ina. Tswii. Inanso, tswii, n'kundilembera mawu ambirimbiri pagalasi. Munayamba mwatukwanidwapo m'chizungu inu mukumwetulira? Ndimo zinalili. Ndinachimenya kambama kumbali, monga tinkachitira ndi wailesi ya malemu amuna anga. Chinakhala chete pang'ono ngati chikuganiza zondibwezera, kenaka tswii.

Ndapita pakhomo kuyang'ana minibasi ngati eni nyumba akubwera, ndabwerera, ndapitanso, ndamwa madzi opanda ludzu. Pomwepo a Namasina atulutsa mutu pampanda.

"Achemwali, makhadi athu ali pati?"

"Ali m'njira, achemwali. Ndine ndikuyendetsa lero."

"Inuyo?"

"Nanga ndani? Pitani mukasankhe mpunga."

Atachoka ndinakhala pansi kuganiza, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundiyankhe nonsenu, musayang'ane kumbali. Wailesi ikayamba kulankhula motsitsa, timatani? Timachotsa mabatire, kukawayanika padenga, madzulo ikulankhula ngati yatsopano. Alipo pano amene sanachitepo? Inu amake Joyce mumachita kuwaluma ndi mano mabatirewo, ndinakuonani. Ndiye ine ndinati madisikiwa akhalitsa m'dirowa ya munthu, azizidwa, mphamvu zawathera, n'chifukwa chake bokosi likuwalavula. Nzeru imeneyi inandikomera moti ndinadziyamikira ndekha.

Ndinagubuduza mtondo, kukwerapo ndi mawondo angawa, n'kuwandandalika onse pamalata a khitchini. Dzuwa la Okutobala, masana, lija loti nkhuku zimayasamula kukamwa. Ndipo sindinawasiye choncho ayi, ndinakweranso kukawatembenuza kuti mphamvu zilowe mbali zonse.

Chimene chinandiitana ndi fungo, lija la beseni lapulasitiki ukaliyandikiza pambaula. Ndikukwera, ndinapeza onse apindika ngati makaka. Kuwagwira, zala kupsa. Ndinawakokolera m'chitenje ndikuthamanga nawo m'nyumba, kupemerera, kuuzira, kupemphera, osawongoka. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma chinthu chokwinyika timachitani? Ndinakoleza makala m'simbi, kuyala chitenje pamwamba, kusita. Yoyamba inakakamira kuchitenje, ilipo mpaka lero, yasanduka duwa. Yachiwiri inawongoka pang'ono, ndinathamanga nayo kubokosi, inakana kulowa, ndinaikankha ndi chigwiriro cha supuni. Inalowa theka. Bokosi linati krrr, kenaka zii. Kukoka osatuluka, kukankha osalowa, yangoti lende ngati lilime la galu.

Ndipo alendo sachedwa tsiku limene walakwa. Onse anafika pamodzi ngati anapangana pasiteji: Esinati ndi mapepala ake, apongozi ndi chikwama chawo, ankhoswe atavala jekete m'kutentha konse kuja, a Namasina pambuyo akupukuta manja. Ine ndinali nditagwada kale kuseri kwa chitseko changa.

Apongozi anayang'ana lilime lija. Anayang'ana chitenje chokhala ndi disiki. Anatola imodzi yopindika, kuinunkhiza. Ndinawamvera chisoni bambo amenewa, chifukwa munthu wina aliyense akanamukalipira mpaka denga kusasuka, koma apongozi ako ungawakalipire bwanji? Anangotembenukira kwa mkazi wawo.

"Muwafunse amayi, awa apsa kapena tiwabwezerenso pamoto?"

Ine ndi mawu aang'ono: "Uwauze kuti ndimawawonjezera mphamvu."

Ankhoswe anabisa nkhope m'chipewa, mapewa okha akugwedera. Esinati anangokhala pansi. Amene sanaseke ngakhale pang'ono ndi a Namasina.

"Nanga anthu tiwaitana ndi chiyani?"

Apongozi anafotokoza kuti mwini madisiki wapita ku Mzuzu pantchito, ena oti abwereke sangapezeke msanga, komanso pakamwa pa bokosilo pafunika kumasula. Ankhoswe anati mtauni anayesa kale, otaipa onse adzaza ndi maukwati a mwezi umenewu. A Namasina anayenda mpaka kuseri kwa chitseko kumene ndinali, n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Achemwali, pakamwa muli napo. Miyendo yokwera padenga muli nayo. Khadi ndinu."

Ndiye ndinayenda, abale. Chilobwe kumtunda kuja, Naperi, Nkolokosa, popanda wondiperekeza, ndekha, maina ndawasunga m'mutu. Ndikafika pakhomo: "Odi kuno, ine ndine khadi ya ukwati wa Felesiya." Aliyense kufunsa kuti yapepala ili kuti, ine kufotokoza, iwo kugwa ndi phwete, n'kuitana aneba kuti bwerani mudzamve izi, ine kuyambiranso. Tsono munthu wakupatsa mpando, waseka nawe, wakupatsa ndi madzi akumwa, ungachoke osamuitanira ku ukwati? Khadi yapepala imaitana bambo ndi mayi basi. Ine ndinkaitana mzere wonse wa nyumba, ndi alendi omwe.

Tsiku la ukwati holo inadzaza mpaka ena kusuzumira m'mawindo. Anthu oti mkwati sakuwadziwa, mkwatibwi sakuwadziwa, onse akundibayibitsa ine. Mpunga unatha akuchimuna asanalandire, azakhali a mkwati anadya kabichi yekha ndi supuni. Felesiya yekha ndi amene ankasangalala, poti pa perekaniperekani anthu anavina mpaka fumbi, koma a Namasina anandiyang'ana kuchokera kukhitchini diso loti mpaka lero ndikamadutsa pampanda ndimawerama.

Kompyuta ija apongozi anaikonza patapita masabata, ikutsokomola monga kale. Ikangoti tswii, ine ndimanyamula kampando kanga kukakhala panja, ngakhale kukugwa mvula. Sindidzaikhudzanso, olo ndi nsalu yopukutira. Koma wina mwa inu akafuna khadi yoyenda yokha, ndilipo, bola muyambe mwagula mpunga wa thumba lonse.