Chiwanda cha Gitala M'nyumba Mwanga

Chimene chinayamba kundidula mtima ndi mawu a Misozi. Mwana wanga woyamba ameneyu ali ndi zaka zisanu, ndipo mawu ake ndi aang'ono ngati a mwanapiye. Koma tsiku lina masana, ndikuchapa, ndinamumva akubangula kuseri kwa bafa ndi mawu okhuthala ngati a dalaivala wa thiraki pa boda ya Mwami. Ndinasiya sopo m'madzi n'kupita monyang'ama. Ndinamupeza atatsinzina, mutu ukugwedezeka, dzanja lina likukanda pamimba, lina atalitambasula ngati wagwira chinthu chosaoneka.

"Shandoro mino, wakalafuu! Yeee, gonja gonja rai!"

Anthuni, ine sukulu ndinalekera giredi seveni, koma Chizungu chikamadutsa ndimachizindikira. Ichi sichinali Chizungu. Sichinali Chinsenga, sichinalinso Chibemba.

"Misozi! Ukuchita chiyani?"

"Ndikuimba, amama."

Ndisanapume n'komwe, mlongo wake Dalitso, mwana amene ngakhale kunena kuti "madzi" kumamuvuta, anakwera pa ndowa yovundikira, n'kukuwa kuti "Wakalafuu!" n'kudumpha. Anagwa chamatako, osalira. Mwana wanga amene amalira ntchentche ikamutera, osalira!

Kuno ku komboni ya Mchini nkhani za ana ophunzitsidwa zoipa ndi akuluakulu timazimva pampopi tsiku lililonse. Ndinawagwira onse awiri m'mapewa.

"Wakuphunzitsani ndani?"

"Agogo," anatero Misozi.



Agogowo ndi apongozi anga aamuna, bambo a mwamuna wanga. Anabwera kuchokera ku Kasenengwa kudzalandira mankhwala a mwendo, ndipo ankagona m'kachipinda kakuseri. Ine ndinaleredwa bwino. Apongozi aamuna suwayang'ana kumaso, sukhala nawo pamphasa imodzi, ukawaona akubwera umapatuka. Chakudya ndinkatuma Misozi. Ndikamapita kumsewu kukagulitsa tomato, ana ndinkawasiya ndi iwo, n'kumadzitama kuti ndapeza mlezi waulele. Nanga zimene ankachita kuseriko ndikanazidziwa bwanji? Ndipo kuwafunsa ndikanayambira pati, munthu amene moni yekha timapatsana kudzera mwa mwana?

Ndinaimbira foni mwamuna wanga, amene amapakira katundu m'mathiraki ku Mwami.

"Atate ake Misozi, ana akulankhula zachilendo."

"Amake Misozi, ndili ndi thumba pamutu. Apatse phala agone."

Ndinafuna kunena kuti "ndi atate anu", koma mawu amenewo ndi amene amathetsa mabanja. Ndinawameza.

Ndiye ndinayamba ndekha. Ndinavula ana n'kuwayang'ana thupi lonse, kufuna mphini. Ndinapeza zipsera za udzudzu basi (ndinazikayikirabe). Ndinawaza mchere pakhomo pathu, ndipo apongozi atapita kuchimbudzi ndinathamanga n'kukawaza wina pakhomo pawo. M'mawa mwake kumsewu sindinapite. Ndinatsekera ana m'nyumba, tomato akufewa m'beseni. Koma kuwatsekera kunali ngati kuthira palafini pamoto. Anakwera pabedi, Misozi akukanda pamimba, Dalitso akumenya mbale ndi masipuni.

Apa ndinathamangira kwa amayi a mapemphero, Amai Zulu ndi Amai Mbewe. Ndinawachonderera kuti abwere mwakachetechete. (Amene amawadziwa Amai Zulu akuseka kale. Amenewo ngakhale kunong'ona kwawo kumamveka mpaka kumsika wa Kapata.)

Anafika ndi botolo la madzi odalitsidwa. Anaika ana pakati, n'kuyamba kuwomba m'manja. Kulakwa kunali pamenepo. Misozi atangomva m'manja mukulira bwino, phazi lake linayamba kugunda pansi.

"Tuluka!" anakuwa Amai Zulu.

"Wakalafuu!" anayankha Misozi.

"Ndati tuluka!"

"Gonja gonja rai!"

Amai Mbewe anakweza dzanja. "Dikirani, Amai Zulu. Awa ndi malilime. Mwanayu ali ndi mphatso."

"Malilime otani ogwedeza chiuno? Munawaona kuti inu?"

"Mzimu suuzidwa povinira, amai."

"Inu ndiye mudzabatiza ndi mbuzi yomwe!"

Akukangana choncho, pawindo panali patadzaza mitu ya aneba. Amai Zulu anagwada, n'kumuyang'ana Misozi m'maso.

"Iwe mwana, wakutuma ndani?"

Misozi analoza kuseri mosangalala. "Agogo!"

Pawindo panamveka "Hmmm" wautali. Ndikuuzeni zoona, pamenepo kuseka kunalibe. Ndinaona kuti mawu amenewa akangotuluka pampanda, nkhalamba yodwala mwendo idzatchedwa mfiti m'komboni monse, ndipo woyambitsa ndi ine. Banja langa ndinaliona likupakira katundu.

Kenaka tinamva ndodo. Go, go, go. Apongozi anaima pakhomo. Ine ndinatembenukira kukhoma monga mwa mwambo (komanso nkhope ndinalibe poiika).

"Misozi," anatero ndi mawu odekha, "waphonya. Pa 'wakalafuu' umayamba wakoka mpweya. Ndipatse tsache."

Ndinasuzumira pansi pa mkono wanga. Nkhalamba inataya ndodo, inaika mwendo wodwala uja pampando, inagwira tsache chopingasa pamimba, inatsinzina, n'kubangula. Anthuni! Malata ananjenjemera. Zala zikuthamanga pa tsache, mutu wa imvi ukugwedezeka, Dalitso ali pambali ndi masipuni ake. Atafika pa "yeee" anakoka mawu mpaka galu wa aneba anayankha.

Atamaliza, akupuma mwawefuwefu, anati: "Iyi ndi ya ku Kitwe, ndili mnyamata ku migodi. Ankaimba azungu atsitsi lalitali, magitala akulira ngati chigayo. Agogo aakazi a anawa anandilola chifukwa cha nyimbo imeneyi."

"Nanga mawuwo akutanthauza chiyani, bambo?" anafunsa Amai Zulu, botolo lili m'manja.

"Adziwa ndani? Ife tinkangotsata gitala."

Pawindo anthu anafa nazo. Wina anakuwa kuti, "Bwerezani, madala!" Amai Mbewe anali akugwedeza phewa limodzi, akuyesa kuti palibe akuwaona. Amai Zulu anaika botolo patebulo n'kundiyang'ana.

"Amake Misozi, mwatichotsa pa ntchito zathu kuti tidzatulutse gitala?"

Mwamuna wanga anafika dzuwa lisanalowe, nkhani atailandira kale pasiteshoni ya maminibasi. Anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi. Akuti nyimboyo anakula nayo, atate ake ankaiimba polima, posamba, ngakhale pobwera kumaliro. Anaifufuza pafoni mpaka anaipeza. Tonse tinatchera khutu. Gitala ndi yemweyo, ng'oma ndi zomwezo, koma mawu! Panalibe "shandoro", panalibe "wakalafuu", panalibe ngakhale liwu limodzi lofanana. Mwamuna wanga, amene Chizungu amachimvako, anati mzunguyo akungodandaula kuti mkazi wake wakwera sitima n'kumusiya.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope itauma. Kenaka anapukusa mutu.

"Mzungu uyu akuiphonya."

Apongozi ndinawapepesa ndi nkhuku. Ndinagwada kuseri kwa chitseko, mwamuna wanga n'kundilankhulira. Yankho linabwera kudzera mwa Misozi, ngati kale.

"Amama, agogo akuti nkhuku alandira. Akuti koma mchere wa pakhomo pawo mukasese. Akuti ankayesa mukufuna kuwakazinga."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kani anandiona!

Tsopano mwina mukuti ndinaphunzira. Pang'ono. Ndowa ija ndinaipachika pamsomali wapamwamba, chifukwa pa zonsezi chimene chikanathyola mwana wanga ndi ndowayo. Ndinaikanso lamulo, kudzera mwa Misozi, kuti bandi ya agogo iziimba ine ndilipo. Ndiye masana aliwonse ndimakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, msana nditawapatsa monga mpongozi waulemu, ndikusankha tomato, khutu lili tcheru. (Phazi langa likamagunda pansi, ndi nyerere. Musandifunse.)

Koma botolo la Amai Zulu lija sindinabweze. M'mawa, anthu asanadzuke, ndimatenga tsache, n'kuliwaza timadontho pang'ono, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ana ndi anga. Mawu amene ngakhale mwini nyimbo sakuwadziwa, ine ndiwakhulupirire bwanji?