Kachitini ka a Hamaguchi

Ana inu, masulani malamba mupume, ndikuuzeni m'mene mwambi wina unayambira.

Ku Dedza kunabwera nkhalamba ya ku Japan, a Hamaguchi, kudzaphunzitsa karate. Anali ndi lamba wakuda wothetheka amene anawasiyira mphunzitsi wawo, amenenso anachita kulandira kwa mphunzitsi wake. Analengeza kuti pobwerera kwawo adzapereka lambayo kwa wophunzira mmodzi, ndipo ameneyo ndiye adzatsogolere sukuluyo.

Wophunzira wina, Yotamu Chadza, anamufuna lambayo mpaka kuwonda naye mtima. Tsiku lina anamva nkhalambayo ikunena kuti, "Kwathu, wophunzira amaba luso ndi maso." Basi, Yotamu anatseka pakamwa, osafunsanso kanthu. Ankaseka mnzake Esinta, amene ankafunsa chilichonse ngati wapolisi.

Tsono m'nyengo yozizira Yotamu anaona chinthu. Asanayambe kuphunzitsa, a Hamaguchi ankatsegula kachitini, n'kupisamo chala, n'kupititsa kukamwa. Akatero ankagwetsa anyamata amphamvu ngati matumba a gaga.

"Eya, ndaugwira mtsitsi wake!" anatero Yotamu mumtima.

Anasuzumira m'kachitinimo mwakabisira, napeza phula la njuchi. Mawa lake anakagula lodzaza mbale kwa alimi a njuchi. Linkakakamira m'mano, pakhosi linkakana kutsika, koma mwamuna ankameza misozi ili mbwe. Anayamba ndi chala chimodzi, kenako supuni. Pakutha sabata ziwiri mimba inauma gwa, ndipo kuchimbudzi ankangopitako kukacheza.

Tsiku losankha linafika, anthu atadzaza holo. Yotamu anagwada mwaulemu, natulutsa mbale yake, n'kumeza supuni yathunthu pamaso pa onse.

"A Chadza, mukudya chiyani?" anafunsa a Hamaguchi.

"Chinsinsi cha makolo anu, aphunzitsi. Ndinachiba ndi maso, monga munanenera."

Nkhalambayo inayang'ana m'mbalemo, kenako inakhala pansi chifukwa cha kuseka.

"Mwana wanga, ine ndimadzola milomo! Mphepo ya kuno imanding'amba. Ku Japan sindinkadzola n'komwe."

"Ine ndinawafunsa tsiku loyamba lomwe," anatero Esinta. "Anandigawirako, onani milomo yangayi."

Yotamu anayesabe kuonetsa luso lake. Atangokweza mwendo, m'mimba munalira ngati thirakitala, iye n'kupinda msana, manja ali pamchombo. Kunena zoona ndinamumvera chisoni, chifukwa pa khama panalibe womuposa.

A Hamaguchi anamumanga Esinta lamba uja m'chiuno. "Mphunzitsi wanga ankati ibani luso ndi maso," anatero, "koma ndikafunsa ankayankha. Maso okha amaba ndi zinyalala zomwe."

Yotamu anamutengera kuchipatala pa njinga, atagwira mimba. Achipatala atamufunsa chimene anadya, iye anangoyang'ana kudenga. Amene anamuperekeza ndiwo anamuyankhira, ndipo mpaka lero timanenabe mawu awo: safunsa anadya phula.